Boma lili kutsidya: moyo wa pabwato pakati pa Bangula ndi Makhanga

Dzuwa lisadayambe kuswa mtengo, monga lichitira masiku onse kuchigwa cha Shire, padoko la Mtayamoyo kufupi ndi Bangula pamakhala patadzaza kale anthu.

Amayi osenza madengu a mbatata ndi tomato, abambo okankha njinga zomangirira matumba a mpunga, aphunzitsi okupatira mafayilo, ngakhalenso odwala ogwirizidwa ndi abale awo, onse maso amakhala ali pamadzi kudikira bwato.

Anthuwa ndi a boma limodzi la Nsanje. Khonsolo yawo ndi imodzi, bwanamkubwa wawo ndi mmodzi ndipo chipatala chachikulu cha boma lawo ndi chimodzi. Koma pakati pa Bangula, m'dera la mfumu yaikulu Mbenje, ndi Makhanga, m'dera la mfumu yaikulu Mlolo, pali mtsinje wa Shire, womwe kuyambira 1997 wakhala ngati malire a maiko awiri.

Mtunda wa pakati pa misika iwiriyi ndi waufupi moti wa kabaza sangatuluke nawo thukuta lambiri. Vuto ndi lakuti msewu wolumikiza misikayi udaduka. Munthu amalipira bwato, amalipiranso njinga ndi katundu wake, kenaka n'kudzipereka m'manja mwa wopalasa pamadzi omwe muli ng'ona ndi mvuu. Dzina lakuti Mtayamoyo likunena lokha.

Njanji ndi msewu zidapita ndi madzi

Achinyamata a lero angadabwe kumva kuti dera limeneli lidali khomo lolowera m'dziko muno. Nthawi ya atsamunda, sitima za pamadzi zochokera ku Zambezi zinkakocheza pa Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire, ndipo padali maofesi a boma, masitolo ndi malo olipirira msonkho wa katundu.

Mu 1908 njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, idafika ku Blantyre kudzera pa Chiromo pomwepa. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, sitima idayamba kuyenda kuchokera kudoko la Beira mpaka m'dziko muno katundu osatsitsidwa panjira.

Njanjiyo ndiyo idalera Bangula ndi Makhanga. Thonje la m'chigwachi, mpunga wa kusikimu ya Muona, nsomba za m'dambo la Elephant Marsh ndi mbewu za kudimba zinkakwera sitima kupita ku Luchenza ndi ku Limbe. Mlatho wa Chiromo unkanyamula sitima ndi galimoto zomwe, choncho munthu wochokera ku Thyolo kudzera ku Thekerani ndi Muona ankafika pa Bangula osavula nsapato.

Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kenaka mu 1997 madzi osefukira adagumula chimulu cha dothi chomwe padadutsa njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi mlatho wa Chiromo. Shire adadzikumbira njira yatsopano pamalo ogumukawo, ndipo mlatho wakale udangotsala chiimire, wopanda kopita nawo.

Kuchokera apo sitima yochokera ku Limbe inkathera pa Makhanga. Nayonso idaleka kufikako madzi osefukira a mu Januwale 2015 ataononga njanji.

Ulendo wa ku boma

Pakalembera wa 2018 boma la Nsanje lidapezeka ndi anthu 299,168 pomwe la Chikwawa lidali ndi anthu 564,684. Ena mwa anthu a ku Nsanje amakhala kum'mawa kwa Shire, m'madera monga Makhanga, Muona, Fatima ndi Masenjere. Awa ndiwo amadziwa mtengo weniweni wa mawu akuti “pitani ku boma.”

Mawuwa amamveka kawirikawiri. Mphunzitsi amene malipiro ake asokonekera amauzidwa kuti akaonekere kuofesi ya maphunziro. Mayi wamasiye wolondola chuma cha mwamuna wake amafunika kalata ya kwa bwanamkubwa. Gulu la amayi lofuna kulembetsa, wamalonda wofuna laisensi, mfumu yoitanidwa kumsonkhano wa khonsolo, onse njira yawo ndi imodzi.

Shire akakhala wodekha, munthu amaoloka pa Mtayamoyo, n'kukwera minibasi pa Bangula kuyenda makilomita pafupifupi 50 kukafika pa Nsanje. Koma madzi akakwera, kapena ngati ulendowo ukufuna galimoto, monga ambulansi kapena lole ya mankhwala, mabuku ndi simenti, njira ndi yozungulira. Galimoto imalowera kumpoto m'mphepete mwa mapiri a Thyolo, kudutsa Masenjere ndi Livunzu mpaka pa Thabwa, kuoloka mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, ndiyeno kubwerera kummwera kudzera pa Dyeratu, Nchalo ndi Ngabu kufika pa Bangula.

Umenewu ndi ulendo wa makilomita opitirira 100 pofuna kufika pamalo omwe munthu ataima kutsidya amawaona ndi maso. Ndipo msewu wa Thabwa umadulidwa ndi mitsinje yambiri yotsika m'mapiri, yomwe nthawi ya dzinja imadzaza mwadzidzidzi n'kusiya mchenga ndi miyala pamsewu.

Zotsatira zake n'zosachita kufunsa. Mafuta omwe ofesi ikadayendera sukulu zisanu amathera pa sukulu imodzi. Mlangizi kapena woyendera ntchito amene amayenera kupita mwezi ndi mwezi amapita mwa apo ndi apo. Wamalonda naye amaika mtengo wa bwato pa shuga, sopo ndi mchere, ndipo wolipira mapeto ake ndi mayi wogula pamsika.

Pankhani ya zaumoyo, anthu a kum'mawaku amadalira kwambiri chipatala cha mishoni cha Trinity ku Muona, monganso a pa Bangula adalira cha Kalemba. Zipatala za mishoni zimalipiritsa, n'chifukwa chake mapangano omwe boma limachita ndi zipatala zotere kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa ulere ali ofunika kwambiri kudera ngati limeneli kusiyana ndi komwe chipatala cha boma chili pafupi.

Kodi udindowu ngwa yani?

Funso limeneli limasokoneza anthu ambiri, ndipo nthawi ya kampeni andale ena amapezerapo mwayi.

Mu 1998 dziko lino lidakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu komanso lamulo la maboma ang'onoang'ono. Cholinga chidali chakuti ntchito zokhudza moyo wa tsiku ndi tsiku zichoke ku Capital Hill zipite m'makhonsolo. Zina mwa ntchitozi ndi sukulu zapulaimale, zipatala zing'onozing'ono, misika, mijigo, zimbudzi za m'misika, ulangizi wa zaulimi ndi misewu ya m'midzi.

Misewu ikuluikulu ndi milatho yake sizili m'gulu limeneli. Izi zili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, pomwe njanji ndi ya boma lalikulu, lomwe mu 1999 lidaipereka kukampani ya Central East African Railways kuti iziyendetsa. Kunena mwachidule, khansala amene angalonjeze kuti amanga mlatho pa Mtayamoyo akulonjeza mbuzi ya eni.

Ndondomeko ya 1998 idatinso boma lizipereka kumakhonsolo ndalama zosachepera K5 pa K100 iliyonse yomwe latolera. Bungwe la makhonsolo la Malga lakhala likudandaula kwa zaka zambiri kuti ndalama zomwe zimafikadi n'zochepa kuposa pamenepa, komanso zimafika mochedwa. Khonsolo ya kumudzi ngati ya Nsanje ilibe nyumba zambiri zodula msonkho ngati mizinda, choncho yake yeniyeni ndi ya matikiti a mumsika ndi malaisensi a mabizinesi.

Kupatula kuchepa kwa ndalama, padalinso zaka zomwe anthu adalibe owalankhulira. Chisankho choyamba cha makhansala pansi pa lamulo latsopanoli chidachitika mu Novembala 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lidakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala mpaka pachisankho cha pa 20 Meyi 2014. Zaka zonsezi mabala a 1997 adali akadali aawisi, koma Makhanga adalibe munthu wosankhidwa woti akaime m'khonsolo n'kufunsa za bwato, za msika kapena za mjigo.

Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo lija. Mawodi adachepetsedwa kukhala awiri m'dera la phungu aliyense m'maboma, ndipo aphungu adapatsidwa mphamvu yovota m'khonsolo. Pachisankho cha 2014 Nsanje idali ndi madera asanu a aphungu ndi mawodi khumi. Izi zidachititsa kuti khansala mmodzi aziyang'anira midzi yambirimbiri, ina yofikika ndi bwato lokha.

Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, la CDF, lomwe lidayamba mu 2006, lidakwera mpaka K200 miliyoni pachaka m'ndondomeko ya chuma ya 2024/25. Kukangana pakati pa aphungu ndi makhansala pa za mwini thumbali kudafika kukhoti, ndipo mu Meyi 2025 bwalo lalikulu lidagamula kuti kuvota kwa aphungu m'khonsolo komanso kulowerera kwawo pa kayendetsedwe ka thumbali n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Nkhaniyi idautsa mtsutso waukulu, koma kwa munthu wa ku Makhanga funso lidakali lomwe lija: kaya ndalamazo wagwira ndani, zagwira ntchito yanji kuno?

Madzi saiwala khwawa

Pali chinanso chomwe chimachititsa akuluakulu kukayika kumanga zinthu zokhalitsa ku Makhanga. Malowa ali pakati pa mitsinje iwiri yamphamvu. Shire amabwera ndi madzi a m'nyanja ya Malawi ndi a mitsinje ya kumtunda, pomwe Ruo amatsika mwaliwiro kuchokera kuphiri la Mulanje. Ruo akadzaza amatsekereza Shire pamathiriro, madzi n'kubwerera m'mbuyo kulowa m'dambo ndi m'midzi. Mitengo yomwe yatha m'mapiri yaonjezera vutoli chifukwa mchenga wokokoloka wakwirira mitsinje.

Mu Januwale 2015 madzi osefukira adapha anthu 106 m'dziko muno, ena 172 adasowa ndipo pafupifupi 230,000 adasowa pokhala. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Peter Mutharika, adalengeza pa 13 Januwale kuti maboma 15 ali pangozi. Ruo adasiya njira yake n'kudzera m'midzi, Makhanga n'kusanduka chilumba chofikika pa helikopita ndi maboti a asilikali okha. Chipatala cha Makhanga chidalowa madzi ndi matope, ndipo madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières adakathandizako.

Zidabwerezanso mu Malichi 2019 ndi mvula yomwe idadza ndi namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adadula msewu wa M1 ku Chikwawa n'kuononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 600, ena oposa 500 osapezeka, ndipo oposa 650,000 adathawa m'nyumba zawo. Nthawi ngati zimenezi mashedi a Admarc pa Bangula akhala akusanduka msasa wa mabanja othawa madzi.

Boma lakhala likunena kuti njira yokhayo ndi yakuti anthu asamukire kumtunda. Lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1991, lidalimbikitsa mphamvu za boma pa malo oopsa kukhalamo. Freddy atadutsa, mabanja ena a ku Makhanga adasamukadi.

Koma amene amati anthuwa ndi osamva sadaimepo m'dimba la m'mbali mwa Shire mwezi wa Ogasiti. Pomwe kumtunda kuli fumbi lokhalokha, kudimba chimanga, nyemba ndi mbatata zimakhala zili biriwiri popanda feteleza. Madzi omwe amagwetsa nyumba ndi omwenso amasiya chonde. M'chigwa chomwe mvula imavuta, ndipo chaka cha njala anthu amafika podya nyika za m'dambo, kusiya dimba si nkhani yamasewera.

Nkhani ya kwa mfumu yaikulu Nyachikadza, kummwera kwa boma lomweli, ndi phunziro. Kuchokera pamadzi osefukira a 1997 boma lakhala likuuza anthu a kumeneko kuti achoke, ndipo lidaleka kumangako zitukuko zokhalitsa. Anthu ambiri sadachoke. Chomwe chidachitika n'chakuti ana ndi odwala ndiwo adayamba kuyenda mitunda italiitali pabwato kufuna sukulu ndi chipatala.

Apa mpomwe ntchito ya khonsolo imaonekera. Kusamutsa mudzi si kungoloza phiri ndi chala. Pamafunika kukambirana ndi mafumu eni malo, kulipira chipukutamisozi, kukumba mijigo, kumanga makalasi ndi chipatala, komanso kulola anthu kupitiriza kulima m'madimba awo akale uku akugona kumtunda. Zinthuzi zikatsogola, anthu amatsatira. Zikachedwa, amabwerera komwe kuli chakudya.

Zazikulu zidabwera, doko lidatsala

Sikuti chigwa cha Shire sichidaone ntchito zikuluzikulu. Mu Okutobala 2010 malemu Bingu wa Mutharika adatsegulira doko la Nsanje pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Dziko la Mozambique lidakana kuti sitima zizidutsa mu Zambezi kafukufuku wa zachilengedwe asadachitike, ndipo dokolo silidagwire ntchito yomwe adalimangira.

Msewu wa tala wochokera ku Chikwawa udafika pa Bangula mpaka pa Nsanje. Ntchito yokonzanso njanji ya makilomita 72 kuchokera ku Marka kufika pa Bangula idayambika, ndipo mu Sepitembala 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira idafika pa Marka patadutsa zaka pafupifupi 40.

Zonsezi zili kumadzulo kwa Shire. Njanji ya ku Marka ngakhale itafika pa Bangula, singapitirire ku Limbe pokhapokha malo omwe adagumuka mu 1997 atamangidwa. Izi zikutanthauza kuti mlatho womwe mayi wogulitsa mbatata akuulira ndi womwewonso dziko lonse likuufuna kuti katundu wa ku Beira afike ku Blantyre motchipa. Imeneyi ndiyo mfundo yomwe khonsolo, mafumu ndi aphungu a Nsanje ndi Chikwawa angapite nayo ku Lilongwe ndi mawu amodzi.

Zomwe zingatheke mlatho usadabwere

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Podikira mlatho wa mabiliyoni, pali zinthu zomwe zili m'manja mwa khonsolo lero lomwe.

Khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo ake a m'dera. Mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, ingathe kuika mlingo wa anthu ndi katundu wokwera bwato limodzi, kulamula kuti pakhale majekete oyandamitsa, komanso kukambirana ndi eni mabwato za mitengo kuti isamangokwera madzi akakwera. Ingathe kumanga shedi ndi chimbudzi padoko, malo omwe anthu ochuluka chotere amadutsapo tsiku ndi tsiku m'dera lomwe kolera si mlendo.

Ingathenso kupititsa boma kwa anthu m'malo moitanira anthu ku boma. Tsiku limodzi lodziwika pamwezi, maofesala a zamaphunziro, zamalonda, zachisamaliro cha anthu ndi zakalembera ataoloka limodzi n'kukakhala pa Fatima kapena pa Muona, mabanja ambiri angapulumutse ndalama za ulendo. Mankhwala, chakudya ndi mabuku zingathe kutumizidwa kutsidya mvula isadayambe, m'malo modikira kuti msewu wa Thabwa uduke.

Nawo anthu ali ndi khomo lolowera. Pempho la chitukuko limayambira kukomiti ya chitukuko ya m'dera la gulupu, ya VDC, kupita kukomiti ya m'dera la mfumu yaikulu, ya ADC, ndipo kuchoka apo limakalowa m'pulani ya chitukuko ya boma lonse. Ntchito yomwe sidalembedwe m'pulaniyi imavuta kuipezera ndalama. Banja lomwe silipita kumsonkhano wa VDC lisadabwe mjigo ukakumbidwa mudzi wina.

Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yololedwa kuti anthu akamvere nawo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani kumaofesi a boma, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limalola munthu wamba kulemba kalata yofunsa kuti pamsika wa Bangula padatoleredwa ndalama zingati ndipo zidagwira ntchito yanji. Wamalonda naye ali ndi mbali yake: akalipira msonkho wa mumsika alandire tikiti, chifukwa ndalama yopanda tikiti kawirikawiri sifika kuthumba la khonsolo.

Makhansala omwe adasankhidwa pa 16 Sepitembala 2025 ali ndi zaka zoti aonetse ntchito zawo. Safunsa adadya phula, choncho mafunso oti awafunse ndi osavuta: mwapita kangati kutsidya, mwakambapo chiyani m'khonsolo za doko, ndipo mabanja omwe adasamukira kumtunda ali ndi madzi ndi sukulu?

Dzuwa likapendeka, mabwato a pa Mtayamoyo amayamba kubweza anthu omwe adaoloka m'mawa. Madengu amakhala opanda kanthu, njinga zitamangirira shuga, mafuta ophikira ndi malata. Pakati pawo sipalephera kukhala wina amene wafika ku boma n'kuuzidwa kuti abwerenso mawa.

Mwana yemwe adabadwa chaka chomwe msewu udaduka lero ndi kholo, ndipo ana ake nawo akuoloka pabwato.